Saladi ya tofu ndi masamba: kodi ingakhale chakudya chokwanira payokha?

Aliyense amene amawerenga nkhani za kadyedwe pa intaneti wakumanapo ndi mawu awiri otsutsana okhudza mbale imodzimodzi. Ena amalemba kuti saladi ya masamba yokhala ndi tofu ndiyo chakudya choyenera munthu wofuna kusamala thupi lake, pamene ena amati imeneyo ndi ndiwo chabe, munthu akaidya njala imabwerera ola lisanathe, ndipo amawonjezera kuti soya amasokoneza mahomoni. Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, koma kawirikawiri zimakamba za mbale zosiyana zimene zangofanana dzina. Letesi ndi tomato zokhala ndi tizidutswa titatu ta tofu pamwamba n'zosiyana kutali ndi mbale imene muli tofu wokwanira, mpunga kapena mbatata, mtedza ndi msuzi woyezedwa bwino. Kuti munthu adziweruzire yekha, m'pofunika kuti amvetse zinthu zingapo chimodzichimodzi: chimene tofu ali, chimene thupi limafuna pa chakudya chachikulu cha tsiku, ndiponso pamene mafuta ndi mchere zimabisala m'mbale yooneka yopepuka.

Tofu ndi mkaka wa soya woundana

Tofu amapangidwa kuchokera ku nyemba za soya. Nyembazo amaziviika m'madzi mpaka zitafufuma, kenako amazipera pamodzi ndi madzi, n'kuwiritsa phalalo ndi kulisefa pa nsalu. Madzi oyera amene amadutsa pa nsaluyo ndiwo mkaka wa soya. Mu mkaka wotenthawo amathiramo choundanitsa, mapuloteni n'kugwirana m'zibuluma zofewa zimene amaziwolera m'chikombole n'kuzipsinja kuti madzi atuluke. Ntchito imeneyi imafanana kwambiri ndi kapangidwe ka tchizi kuchokera ku mkaka wa ng'ombe, kungoti tofu wamba sasungidwa kuti akhwime, n'chifukwa chake fungo ndi kakomedwe kake n'zofatsa kwambiri.

Choundanitsacho si nkhani yaing'ono. Opanga ambiri amagwiritsa ntchito calcium sulfate, ndipo tofu wotere amakhala ndi kashiamu wambiri, mchere umene umalimbitsa mafupa. Ena amagwiritsa ntchito magnesium chloride, amene ku Japan amamupeza m'madzi a m'nyanja otsala pokonza mchere ndipo amamutcha nigari, koma tofu wake amakhala ndi kashiamu wocheperapo. Munthu amene samwa mkaka wa ng'ombe ndipo akudalira tofu kuti apeze kashiamu ayenera kuwerenga zolembedwa papaketi, chifukwa mapaketi awiri ooneka ofanana angasiyane kwambiri pa mfundo imeneyi.

Kwawo kwa tofu ndi ku China. Nthano yofala imati anamutulukira ndi Liu An, kalonga wa ku Huainan amene anamwalira mu 122 BC, koma olemba mbiri ambiri amaikayikira chifukwa inayamba kulembedwa patapita zaka zoposa 1,000 kalongayo atamwalira. Zolemba zakale kwambiri zotchula tofu ndi za m'zaka za m'ma 900 AD, ndipo ku Japan dzina lake likupezeka m'zolemba za pakachisi wa Kasuga, mumzinda wa Nara, za chaka cha 1183. Amonke achibuda, amene ambiri a iwo sankadya nyama, anathandiza kumufalitsa, moti pofika 1782 ku Japan kunasindikizidwa buku la njira 100 zophikira tofu. Kumadzulo anachedwa kumudziwa. Benjamin Franklin wa ku America anamutchula m'kalata imene analemba ali ku London mu 1770, pomufotokoza ngati tchizi cha ku China chopangidwa ndi nyemba, koma m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America tofu anayamba kufala kwenikweni m'zaka za m'ma 1970.

Pamsika pamapezeka mitundu iwiri ikuluikulu. Pali tofu wopsinjidwa, amene amayambira wofewa kufikira wolimba kwambiri malinga ndi madzi amene achotsedwamo, ndipo pali tofu wosalala amene amaundana m'paketi momwemo osapsinjidwa, wofewa moti amadyedwa ndi supuni. Woyambayo ndiye wodula, wokazinga ndi wootcha. Wachiwiriyo amaphwanyika akangosakanizidwa ndi masamba, koma ali ndi ntchito yake mu msuzi.

Kusadya nyama kuli mitundumitundu

Mwambo wopewa nyama ndi wakale kwambiri, makamaka ku India pakati pa Ajaini, Ahindu ambiri ndi Abuda ena, amene amautsatira chifukwa cha chiphunzitso chosavulaza chamoyo. Ku England bungwe la Vegetarian Society linakhazikitsidwa mu 1847, ndipo mu 1944 Donald Watson ndi anzake anayambitsa bungwe lina la anthu amene amapewa chilichonse chochokera ku nyama, kuphatikizapo mazira, mkaka ndi uchi. Kusiyana kumeneku kulipo mpaka lero, ndipo wokonzera ena chakudya amachita bwino kufunsa kuti mlendo wake ali mbali iti.

Chimene chimapusitsa ambiri mu saladi ndi zokometsera zimene sizioneka ndi maso. Sosi wa Worcestershire wachikhalire amakhala ndi tinsomba totchedwa anchovy, ndipo msuzi wa saladi ya Caesar nthawi zambiri umakhala nato. Tchizi cha Parmesan chenicheni amachiundanitsa ndi mankhwala ochokera m'chifu cha mwana wang'ombe. M'maphikidwe a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, sosi wa nsomba ndi phala la nkhanu za m'nyanja zimalowa m'misuzi yambiri imene imathiridwa pa tofu. Motero mbale ingakhale yopanda nthuli iliyonse koma n'kukhalabe yosayenera kwa munthu wosadya nyama.

Chimene chimasandutsa saladi kukhala chakudya chachikulu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Letesi ndi nkhaka n'zodzaza madzi, pafupifupi magawo 95 pa 100 aliwonse, ndipo magalamu 100 a letesi amapereka mphamvu ya makalori pafupifupi 15 okha. Munthu wamkulu amafuna makalori oyandikira 2,000 pa tsiku, ena ochepera ndipo ena oposa pamenepo malinga ndi msinkhu, thupi ndi ntchito. Mbale ya masamba okhaokha, ngakhale itadzaza motani, singafike pafupi ndi gawo limene chakudya chachikulu chimayenera kupereka. Amene amati saladi siikhutitsa akunena zoona pa mbale yotereyi. Kuti saladi iime payokha pamafunika chomanga thupi, chopatsa mphamvu ndi mafuta pang'ono kuwonjezera pa masambawo.

Chomanga thupi ndicho ntchito ya tofu. Lipoti la 2007 la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi la zakudya ndi ulimi la FAO linaika mlingo wa mapuloteni a munthu wamkulu pa magalamu 0.83 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa tsiku, kutanthauza kuti munthu wolemera makilogalamu 60 amafuna magalamu pafupifupi 50. Tofu wolimba amakhala ndi mapuloteni oyambira magalamu 10 kufika 17 pa magalamu 100 aliwonse, kutengera kuchuluka kwa madzi amene atsalamo, pamene tofu wosalala amakhala ndi pafupifupi theka la zimenezo. Nyama ya nkhuku yophika imakhala ndi magalamu oyandikira 30. Choncho munthu wolowetsa tofu m'malo mwa nyama sayenera kuyeza ndi maso a nyama, chifukwa pamafunika magalamu 150 kapena kuposerapo pa munthu mmodzi kuti mbaleyo ipereke gawo looneka la mapuloteni a tsikulo. Kwa ine, kuchepetsa tofu ndiko kulakwitsa kofala kwambiri m'masaladi amtunduwu, ndipo ndiko kumene kwawapatsa mbiri yosakhutitsa.

Palinso funso la ubwino wa mapuloteniwo. Mapuloteni amamangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino acid, ndipo 9 mwa timeneti thupi silingathe kutipanga lokha, liyenera kutipeza m'chakudya. Soya ali nato tonse pamlingo wabwino, ngakhale kuti kachigawo kotchedwa methionine n'kocheperapo, pamene mbewu monga mpunga ndi tirigu zimaperewera kachigawo kena kotchedwa lysine. Mu 1971 wolemba wa ku America, Frances Moore Lappé, anafalitsa ganizo lakuti osadya nyama ayenera kuphatikiza nyemba ndi mbewu pa chakudya chimodzimodzi kuti mapuloteni akhale athunthu, koma mu 1981 iye mwini anabweza mawuwo. Akatswiri a kadyedwe masiku ano amati chofunika ndi kudya zakasinthasintha m'kati mwa tsiku, osati kuwerengera mbale iliyonse payokha.

Chopatsa mphamvu chingakhale mpunga wosapuntha kwambiri, tirigu wathunthu wowiritsa, mbewu ya quinoa, mbatata yootcha, mbatatesi kapena nyemba ndi tchana zophika, zimenenso zimawonjezera mapuloteni ndi faiba, ulusi wa m'zomera umene umachedwetsa chakudya m'mimba ndi kuthandiza matumbo. Kuphatikiza kotereku si kwatsopano. Ku Indonesia kuli saladi yotchedwa gado-gado, imene muli masamba ofwafwaza, tofu wokazinga, tempeh (nyemba za soya zosasitsa zoumbidwa pamodzi), mbatatesi kapena mpunga woumba, dzira lowiritsa ndi msuzi wa mtedza, ndipo anthu amaidya ngati chakudya chokwanira. Mbale imeneyo ikusonyeza kuti funso silili pa dzina lakuti saladi, koma pa zimene zalowamo ndi kuchuluka kwake.

Madzi a mu tofu ndi moto

Madandaulo ofala kwambiri pa tofu ndi awiri: kuti sakoma kanthu, ndiponso kuti amamatirira ndi kuphwanyika m'chiwaya. Onse awiri gwero lake ndi madzi. Chakudya chikamakazingidwa chimafiirira ndi kununkhira chifukwa cha kusintha kumene kumachitika pakati pa mapuloteni ndi shuga, kumene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anakufotokoza mu 1912. Kusintha kumeneku kumathamanga kutentha kukafika madigiri pafupifupi 140, koma madzi amawira pa madigiri 100, ndipo malinga ngati kunja kwa tofu kuli konyowa, moto wonse umathera pa kusandutsa madziwo nthunzi. Tofu wonyowa amangowira m'madzi ake omwe ngakhale chiwaya chitatentha chotani.

Njira yodziwika kwambiri yochotsera madzi ndi kupsinja. Tofu amakulungidwa m'nsalu yoyera, pamwamba n'kuikapo mbale yokhala ndi chinthu cholemera kwa mphindi 20 kapena 30. Ophika ena amakonda kudula tofu kaye n'kumuviika m'madzi otentha amchere kwa mphindi 10 kapena 15, kenako n'kumupukuta, chifukwa kutenthako kumalimbitsa mapuloteni ndipo mchere umakolerako pang'ono. Njira yachitatu ndi kumuumitsa m'firiza. Madzi a m'kati akasanduka ayisi amaboola timabowo tambirimbiri, ndipo tofuyo akasungunuka n'kufinyidwa amakhala wotafunika ngati nyama ndipo amamwa msuzi mosavuta. Ku Japan tofu woumitsidwa ndi chisanu amatchedwa koya-dofu, potengera phiri la Koya kumene kuli nyumba za amonke.

Pa nkhani yoviika tofu m'zokometsera asanaphikidwe, ophika amasiyana maganizo. Ena amamuviika usiku wonse mu sosi wa soya, adyo ndi jinja. Ena amati zokometserazo sizilowerera kupitirira kunja kwenikweni kwa tofu amene sanaumitsidwepo m'firiza, ndipo zimangomunyowetsanso atangopsinjidwa kumene, choncho amamukazinga ali wouma n'kumuthira zokometsera akadali wotentha. Njira zonsezi zimapereka chakudya chabwino, kungoti wosankha yoyamba ayenera kupukuta tofuyo asanamuike pamoto ndi kukumbukira kuti shuga kapena uchi wa m'zokometsera umapserera msanga. Kunyema tofu ndi manja m'malo modula ndi mpeni kumasiya m'mbali mokhakhala momwe msuzi umagwira bwino, ndipo kumuwaza sitachi ya chimanga pang'ono kumathandiza kuti kunja kuume ndi kufiirira.

M'chiwaya, chofunika ndi kudekha: mafuta atenthe kaye, zidutswa zisathithikane, ndipo zisatembenuzidwe mpaka zitamasuka zokha pansi. Mu uvuni, madigiri 200 kwa mphindi 25 kapena 30 amakwanira, ndipo njira imeneyi imadya mafuta ochepa. Tofu wochoka pamoto azizireko asanaikidwe pa letesi, chifukwa masamba ofewa amafota akakumana ndi chotentha, pamene kabichi ndi karoti zimapirira. Tofu angadyedwenso osaphikidwa kachiwiri, popeza mkaka wake unawira kale popangidwa, ndipo kuwirako kunawononga zinthu za mu soya wosaphika zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni.

Masamba osaphika ndi ophika

Pali chikhulupiriro chakuti masamba osaphika amaposa ophika nthawi zonse, koma nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Vitamini C amawonongeka ndi moto ndipo amasungunukira m'madzi ophikira, choncho tsabola wobiriwira kapena wofiira, kabichi ndi tomato zosaphika zimamusunga bwino. Kumbali ina, beta-carotene wa mu karoti, amene thupi limamusandutsa vitamini A, ndi lycopene, chinthu chimene chimafiiritsa tomato, zimalowa m'thupi mosavuta chakudyacho chikaphikidwa, chifukwa moto umafewetsa timakoma ta m'zomera timene timazitsekera. Saladi yosakaniza zosaphika ndi zofwafwaza imapindula mbali zonse. Burokoli ndi zitheba zimafuna mphindi ziwiri kapena zitatu m'madzi owira, kenako madzi ozizira kuti zisapitirire kupsa. Bungwe la WHO limalangiza magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo mbatata, mbatatesi ndi chinangwa siziwerengedwa pa mlingo umenewo.

Ayironi wa m'zomera salowa m'magazi mosavuta ngati wa mu nyama, ndipo soya ndi mbewu zina zili ndi chinthu chotchedwa phytate chimene chimamugwira. Vitamini C amathandiza kumumasula, n'chifukwa chake madzi a mandimu mu msuzi ndi tsabola wosaphika m'mbale sizokometsera chabe, pamene tiyi kapena khofi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi wolowa m'thupi. Vitamini B12 ndiye amene saladi ya zomera singamupereke, iphikidwe mwaluso chotani. Odya mazira ndi mkaka amamupeza kumeneko, koma opewa zonse zochokera ku nyama amafunika zakudya zowonjezeredwa vitaminiyu kapena mapiritsi, popeza kusowa kwake kumachepetsa magazi ndi kuwononga mitsempha.

Msuzi: pamene mafuta ndi mchere zimabisala

Msuzi wa saladi wachikhalire wa ku France ndi magawo atatu a mafuta ndi gawo limodzi la viniga. Ziwirizi sizisakanikirana mwachibadwa, choncho amazitakasa mwamphamvu kuti viniga agawike m'timadontho ting'onoting'ono, ndipo masitadi, chiponde cha mtedza kapena cha chitowe chimathandiza kuti zisalekanenso msanga. Masamba onyowa amasungunula msuziwo ndi kuutsetseretsa pansi pa mbale, motero kuumitsa masamba akatsukidwa n'kofunika mofanana ndi kuumitsa tofu.

Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa masamba onse a m'mbale ataphatikizidwa. Chifukwa cha zimenezi, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 misuzi yopanda mafuta inafala kwambiri m'masitolo a ku America. Koma mu 2004 kafukufuku wa pa Iowa State University anapeza kuti anthu amene anadya saladi ndi msuzi wopanda mafuta sanalandire pafupifupi chilichonse cha beta-carotene ndi lycopene wa m'masambawo, pamene odya ndi msuzi wa mafuta analandira wochuluka. Mavitamini A, E ndi K nawonso amayenda ndi mafuta. Choncho kuchotseratu mafuta kumataya gawo la phindu la masamba, ndipo kuthira osayeza kungachulukitse mphamvu ya mbaleyo kawiri. Supuni imodzi kapena imodzi ndi theka pa munthu ndiwo mlingo umene ophika ambiri amatsatira, ndipo ngati m'mbale muli kale peyala, mtedza kapena chitowe, mafuta othira angachepetsedwe. Pa mtundu wake, WHO imalangiza mafuta a zomera monga a maolivi, mpendadzuwa, canola ndi soya m'malo mwa mafuta oundana monga batala. Wofuna msuzi wokhuthara wopanda mazira angapere tofu wosalala pamodzi ndi mandimu, adyo ndi mafuta pang'ono. Ku Japan kuli mbale yakale yotchedwa shira-ae imene masamba ake amasakanizidwa ndi tofu wophwanya ndi chitowe.

Mchere ndiwo umaiwalika kawirikawiri. WHO imalangiza munthu wamkulu kuti asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku pofuna kupewa kuthamanga kwa magazi, koma supuni yaikulu imodzi ya sosi wa soya wamba ili ndi mchere woyandikira theka la mlingo umenewo. Munthu akaviika tofu mu sosi, n'kuthiranso wina mu msuzi, n'kuwonjezera maolivi a m'botolo kapena tchizi, mbale yooneka yathanzi imatha kumaliza mchere wa tsiku lonse. Zowawasa, adyo, jinja, tsabola ndi masamba onunkhira zimakometsa chakudya popanda kukweza mchere.

Ukhondo wa chakudya chosadutsa pamoto

Moto umapha mabakiteriya, ndipo saladi yambiri siidutsa pamoto. Mu 2011 ku Germany kunabuka matenda a mabakiteriya a E. coli amene anadwalitsa anthu pafupifupi 4,000 ndi kupha oposa 50, ndipo ofufuza anapeza kuti gwero lake linali mphukira zosaphika za mbewu ya fenugreek. Mphukira zimamera pamalo ofunda ndi achinyezi, omwenso mabakiteriya amaswana, ndipo kutsuka sikuwachotsa onse, choncho amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka amalangizidwa kudya mphukira zophika zokha. Masamba ena atsukidwe ndi madzi abwino oyenda, pa thabwa ndi mpeni zimene sizinakhudze nyama yaiwisi.

Tofu wotsegulidwa amawonongeka msanga. Asungidwe m'furiji yozizira madigiri osapitirira 5, ali m'madzi oyera osinthidwa tsiku lililonse, ndipo adyedwe m'masiku atatu kapena asanu. Akayamba kununkha mowawasa kapena kuterera, atayidwe. Mpunga wophika wothira mu saladi uziziritsidwe msanga, ndipo saladi yosakaniza kale isakhale kunja kwa furiji kupitirira maola awiri.

Mkangano wa soya ndi mafunso amene akadalipo

Mu soya muli tinthu totchedwa isoflavone, makamaka genistein ndi daidzein, timene kapangidwe kake kamafanana pang'ono ndi estrogen, homoni imene imachuluka m'thupi la akazi. Mantha okhudza tinthu totere m'zomera anayamba m'zaka za m'ma 1940, pamene nkhosa za kumadzulo kwa Australia zodya kwambiri mtundu wina wa zomera za clover zinayamba kulephera kubereka. Pambuyo pake, zoyesa zina pa mbewa zinaonetsa kuti genistein wochuluka angakulitse maselo a khansa ya m'mawere. Komabe thupi la munthu siligaya tinthuti mofanana ndi la nkhosa kapena mbewa, ndipo kufanana ndi estrogen sikutanthauza kugwira ntchito mofanana. Zili ngati kiyi amene amalowa pa loko koma osatembenuka mpaka kumapeto: nthawi zina amasuntha lokoyo pang'ono, ndipo nthawi zina amangotsekereza kiyi weniweni kuti asalowe.

Pa anthu, zimene zapezeka mpaka pano n'zolimbitsa mtima. Kafukufuku wophatikiza zoyesa zambiri, wa 2010 ndi wa 2021, sanapeze kuti soya amatsitsa homoni ya testosterone mwa amuna. Bungwe la American Cancer Society limati zakudya za soya n'zosaopsa, ngakhale kwa amayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere. Mu 2015 bungwe loona za chitetezo cha chakudya ku Ulaya, la EFSA, linaunika mapiritsi a isoflavone ndipo silinapeze umboni woti amavulaza mawere, chiberekero kapena chithokomiro cha amayi amene anasiya kusamba. Pali anthu ena amene ayenera kusamala ndithu: amene thupi lawo limadana ndi soya, amene amamwa levothyroxine wa chithokomiro, popeza soya angachepetse mankhwala olowa m'thupi akadyedwa nthawi imodzi, ndiponso amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amene sayenera kusintha mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba obiriwira chifukwa cha vitamini K.

Funso lakuti soya savulaza n'losiyana ndi lakuti amachiritsa kapena kuteteza, ndipo lachiwirili silinatsekedwe. Mu 1999 bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, linalola opanga zakudya kulemba kuti magalamu 25 a mapuloteni a soya pa tsiku angachepetse chiopsezo cha matenda a mtima, koma mu 2017 bungwe lomwelo linapereka ganizo lochotsa chilolezocho, ponena kuti zotsatira za kafukufuku wa pambuyo pake sizigwirizana. Akatswiri akukambiranabe ngati phindu limachokera mu soya mwini kapena m'kuchepa kwa nyama yamafuta imene soyayo walowa m'malo mwake. Khansa ya m'mawere yakhala yocheperapo pakati pa amayi a kum'mawa kwa Asia amene amadya soya kuyambira ali ana, koma sizikudziwika bwino ngati munthu woyamba kudya tofu atakula angapindule mofanana. Palinso nkhani ya mabakiteriya a m'matumbo: anthu ena okha ndiwo ali ndi mabakiteriya osandutsa daidzein kukhala chinthu champhamvupo chotchedwa equol, ndipo otere ndi ochuluka ku Asia kusiyana ndi kumadzulo. Ofufuza akufunsabe ngati kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti zotsatira za m'mayiko osiyana zisafanane.

Mafunso ena ndi a m'munda ndi m'fakitale. Ulimi wa soya ku Brazil ndi m'mayiko oyandikana nawo wawononga nkhalango ndi madambo, koma pafupifupi magawo atatu mwa anayi a soya wa padziko lonse amadyetsedwa ziweto, ndipo wopita ku tofu ndi mkaka wa soya ndi wochepa kwambiri. Kodi wogula tofu ali ndi gawo lotani pa mlandu umenewu, ndipo angadziwe bwanji kumene soya wake analimidwa? Soya wosinthidwa chibadwa anayamba kulimidwa pa malonda mu 1996, ndipo ngakhale mabungwe akuluakulu a sayansi amati amene anavomerezedwa n'ngwosaopsa kudya, mkangano wa mankhwala ophera udzu ndi umwini wa mbewu ukupitirira. Pomaliza pali kagawidwe ka zakudya malinga ndi mmene zakonzedwera m'fakitale, kamene ofufuza a pa yunivesite ya São Paulo anayambitsa mu 2009. Tofu wamba, wopangidwa ndi soya, madzi ndi choundanitsa basi, saikidwa m'gulu la zakudya zokonzedwa mopitirira muyezo, pamene masoseji ndi mabega ambiri a soya amaikidwamo, ndipo akatswiri sanagwirizanebe ngati zakudya zolowa m'malo mwa nyamazi ziyenera kuweruzidwa ndi kakonzedwe kake kapena ndi michere imene zili nayo.